Gordon's: Bala ya Vinyo Imene Mtsinje wa Thames Unaisiya Pamtunda

Msewu wa Villiers Street mumzinda wa London ndi waufupi, wopapatiza komanso wotsetsereka. Umayambira pamsewu waukulu wa Strand, m'mbali mwa siteshoni ya sitima ya Charing Cross, n'kutsikira kumtsinje wa Thames, kumene kuli siteshoni ya sitima zoyenda pansi pa nthaka yotchedwa Embankment. M'mawa ndi madzulo mumsewumu mumakhala piringupiringu, wina akuthamangira sitima, wina ntchito, moti ambiri amadutsa pa nambala 47 osacheuka n'komwe. Palibenso chowachititsa kucheuka. Pali khomo lakale lamatabwa, ndipo pamwamba pake palembedwa dzina loti Gordon's Wine Bar. Bala imeneyi inatsegulidwa m'chaka cha 1890, ndipo anthu ambiri amaitenga kuti ndiyo yakale kwambiri mwa mabala onse ogulitsa vinyo mu London.

Wofuna kumwa ayenera kutsika. Masitepe ake ndi otsetsereka moti dzanja limafuna lokha pogwira. Pansipo munthu amafikira m'chipinda cha makoma amatabwa, omwe aphimbidwa ndi nyuzipepala zakale zofiirira ndi ukalamba, zambiri zonena za mafumu a ku Britain, maukwati awo ndi kulongedwa kwawo ufumu. Kuseri kwa kauntala kwandandalikidwa migolo yamatabwa yokhala ndi mipopi, ndipo wogulitsa amamutungira kasitomala kuchokera mumgolo momwemo. Mowa wamasiku onse mulibe, wisiki kapena jini mulibenso. Muli vinyo basi, ndi zomuperekeza zake: tchizi, buledi, nyama yozizira. Ukapitirira pang'ono umalowa m'chipinda chonga phanga, chimene anthu amabwerera kuchokera kutali. Denga lake ndi lokhota ndiponso lalifupi, mwakuti munthu wamtali amayenda chowerama. Patebulo lililonse pali kandulo yozikidwa pakamwa pa botolo, ndipo utsi wa zaka zambirimbiri wadetsa dengalo kuti bii, ngati denga la khitchini yakumudzi lomwe mwaye wamanga.

Mlendo angaganize kuti wina anachita kukumba phanga limeneli pofuna kukopa makasitomala. Si choncho. Chipindachi chinalipo bala isanabwere, ndipo chinkagwira ntchito ina m'masiku amene madzi a Thames ankafika pafupi ndi khoma lake. Lero mtsinjewo uli pamtunda wa mamita oposa 100 kuchokera pamenepa. Sunasamuke wokha, anthu ndiwo anachita kuukankha. N'chifukwa chake mbiri ya Gordon's singafotokozeke popanda kutchula nduna za mafumu, ogulitsa malo, eni njanji ndi mainjiniya amene kwa zaka pafupifupi 400 akhala akugwetsa ndi kumanga dera lino, aliyense mmene zamukomera.

Kalekale gombe lonse la pakati pa mzinda wakale wa London ndi Westminster, kumene kunali likulu la mfumu, linali la anthu akuluakulu. Mabishopu ndi nduna anamangamo nyumba zikuluzikulu zoyang'ana kumtsinje, minda yake yamaluwa ikutsetserekera kumadzi. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Misewu inali yamatope ndiponso yosadalirika, pomwe bwato linkamufikitsa munthu kwa mfumu msanga, zovala zili zoyera. Pamene pali Villiers Street lero panali nyumba ya mabishopu a ku Norwich. Mu 1536 Mfumu Henry VIII inaipereka kwa mlamu wake Charles Brandon, ndipo m'nthawi ya Mfumukazi Mary I inakhala ya Akibishopu wa ku York. Dzina loti York House linachokera pamenepo. M'nyumba imeneyi ndimo munabadwira Francis Bacon mu 1561, munthu amene anadzatchuka ndi nzeru zake pa zasayansi ndi zamalamulo. Atakula anadzakhalamonso monga mkulu wa zamalamulo m'dziko lonse, koma mu 1621 anapezeka wolakwa pa mlandu wolandira ziphuphu, udindo n'kumuthera. Nyumba ija inagwera m'manja mwa munthu amene ankaisirira kale, George Villiers, wapamtima wa Mfumu James I, yemwe posakhalitsa anapatsidwa udindo wa Duke wa Buckingham.

Cha m'ma 1626 Buckingham anamangitsa chipata chamiyala kumapeto kwa munda wake, choti iye ndi alendo ake azikwererapo ndi kutsikirapo bwato. Pa zonse za York House chatsala ndi chipata chimenechi chokha, ndipo chili kuseri kwenikweni kwa Gordon's, moti omwera panja amachiona ali pampando. Ndi cha mwala woyererako wa ku Portland, chomangidwa motengera kamangidwe ka ku Italy komwe nthawi imeneyo kanali kachilendo ku England. Chili ndi makomo atatu okhota pamwamba, lapakati lalikulu kuposa am'mbali. Mizati yake anaiveka malamba amiyala yosemedwa mokakala dala, ndipo pamwamba pagona mikango iwiri, uliwonse utagwira chishango chosemedwapo nangula, pakuti mwini wake anali mkulu wa zombo zonse zankhondo za mfumu. Akatswiri a mbiri amasiyana maganizo pa za amene anajambula pulani yake. Mayina atatu ndiwo amatchulidwa: Inigo Jones, Balthazar Gerbier ndi mmisiri wosema miyala Nicholas Stone. Mwini wake sanachidyerere. Mu 1628 msilikali wina wokhumudwa, John Felton, anamubaya ndi mpeni ku Portsmouth, ndipo Buckingham anafera pomwepo ali ndi zaka 35.

Choyenera kuchiyang'anitsitsa pachipatachi ndi pansi pake. Tsinde lake lili m'munsi poyerekeza ndi paki imene ili patsogolo pake, ngati kuti chinatitimira. Sichinatitimire. Chili pomwe chinali, pamlingo wa gombe lakale, ndipo nthaka yonse imene yachikwera kumaso kwake ndi yochita kuthira.

Mwana wa Buckingham, yemwenso dzina lake linali George Villiers, anali wosakaza chuma. Ngongole zitamufika m'khosi, mu 1672 anagulitsa York House pamtengo wa mapaundi 30,000 kwa anthu omanga nyumba zamalonda. Anaikapo lamulo limodzi, loti misewu yatsopano itchulidwe dzina lake ndi udindo wake, liwu ndi liwu. Ndiye panabadwa George Street, Villiers Street, Duke Street ndi Buckingham Street, ndipo kaliwu kolumikiza ka "of" kapakati pa udindowo (Duke of Buckingham) nakonso kanapatsidwa kanjira kake, Of Alley. Ena mwa mayinawa anasintha. George Street lero ndi York Buildings, Duke Street inamezedwa ndi John Adam Street, ndipo kanjira kaja ndi York Place, ngakhale chikwangwani chake chimakumbutsabe dzina lakale.

Kamangidwe kamene kanabwera apa ndi kamene kanadzasintha nkhope ya London yense. Mmodzi mwa amene anali pakalikiliki pa ntchito zoterezi anali Nicholas Barbon, dokotala amene anasiya zochiza odwala n'kulowa malonda a nyumba ndi inshuwalansi ya moto. Njira yake inali yoti ugwetse nyumba imodzi ya bwana, udule malowo m'mapuloti opapatiza, umange nyumba zanjerwa zofanana, zogundana makoma, zazitali m'mwamba koma zopyapyala kumaso, khitchini ili pansi pa nthaka, mawindo ali m'mizere yowongoka. Pamalo pamene pankakhala banja limodzi ndi antchito ake pankatuluka misewu ya alendi. Zina mwa nyumba za nthawi imeneyo zikadalipo mu Buckingham Street. Pa nambala 12 mumsewu umenewu panasamukira Samuel Pepys mu 1679, mkulu wa ku ofesi yoyang'anira zombo zankhondo, yemwe amakumbukiridwa chifukwa cha buku limene ankalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku kuyambira 1660 mpaka 1669. Pepys anali wokonda vinyo. Moto waukulu utabuka mu London mu 1666, pomwe ankakhala kum'mawa kwa mzindawu, anakumba dzenje m'munda n'kukwiriramo vinyo wake pamodzi ndi tchizi cha Parmesan kuopa kuti zingapse. Zinthu ziwiri zimene iye anaona kuti n'zosayenera kuzisiyira moto ndi zomwezo zimene zikugulitsidwa lero kuseri kwa msewu wake, ndipo eni Gordon's amamutchula monyadira ngati mnansi wawo wakale.

Patapita zaka pafupifupi 100, abale anayi a banja la Adam ochokera ku Scotland, John, Robert, James ndi William, anayamba ntchito ina yaikulu chakum'mawa pang'ono. Munali mu 1768, ndipo malowo anawatcha Adelphi. Vuto linali lakuti gombe linali lotsetsereka ndi lamatope. Iwo anamanga kaye zipinda zikuluzikulu zanjerwa, za madenga okhota, kufikira pamwamba pake patalingana ndi msewu wa Strand, kenako n'kuyalapo misewu ndi mzere wa nyumba zokongola zoyang'ana kumtsinje. Ankayembekeza kuti boma lichita lendi zipinda zapansizo kuti lizisungiramo katundu wa asilikali, koma boma linakana, ndipo madzi ankalowamo mtsinje ukadzaza. Ndalama zinawathera, mpaka Nyumba ya Malamulo inawalola kuchititsa lotale mu 1774 kuti nyumbazo zipeze eni. Zipinda zapansi zija zinadzakhala mosungiramo malasha ndi vinyo, ndipo m'makona mwake munkagona anthu osowa pokhala. Mdima, chinyezi ndi kuzizira kosasinthasintha, zimene zimadwalitsa munthu, ndi zimene vinyo amafuna kuti asawonongeke. Choncho dera lino linadziwa kusunga migolo pansi pa nthaka kalekale, dzina la Gordon lisanamveke.

Pofika m'zaka za m'ma 1800 anthu achuma anali atasamukira kumadzulo kwa mzindawu, ndipo gombe linasanduka la madoko, malasha ndi timafakitale. Pa Hungerford Stairs, pamene lero paphimbidwa ndi siteshoni ya Charing Cross, panali fakitale ya polishi wa nsapato ya Warren. M'menemo mu 1824 munkagwira ntchito mnyamata wa zaka 12, akumata mapepala pamabotolo n'kumalandira masheleni 6 pamlungu, bambo ake ali m'ndende ya Marshalsea chifukwa cha ngongole. Mnyamatayo anali Charles Dickens, amene anadzakhala mlembi wotchuka wa mabuku. Malinga ndi mbiri imene eni bala amasunga, m'zaka zomwezo nyumba imene muli Gordon's inali mosungiramo katundu wa kampani yogulitsa mbewu ya Minier & Fair. Katundu ankabwera pamadzi, amtengatenga n'kumusenza kuchoka m'bwato kulowa naye m'chipinda chapansi. Phanga lija ntchito yake inali imeneyo.

Kenako, m'zaka zosakwana 10, zonse zinatembenuka.

Choyamba inali njanji. Kampani ya South Eastern Railway inagula msika wa Hungerford, womwe unali kumadzulo kwa Villiers Street, n'kuugwetsa. Inagwetsanso mlatho wa oyenda pansi wolendewera pa maunyolo umene Isambard Kingdom Brunel anamanga mu 1845. Maunyolo ake anawatumiza ku Bristol, komwe anakathandiza kumaliza mlatho wa Clifton, koma zipilala zake zanjerwa anazisiya, ndipo mpaka lero zikunyamula sitima. Siteshoni ya Charing Cross, imene injiniya wake anali John Hawkshaw, inatsegulidwa mu January 1864. Chaka chotsatira kutsogolo kwake kunamalizidwa hotela yojambulidwa ndi Edward Middleton Barry, pamodzi ndi chipilala chachitali chokumbutsa mtanda umene Mfumu Edward I inaimika chapafupi pokumbukira mkazi wake Eleanor, yemwe anamwalira mu 1290. Kwa anthu a mu Villiers Street tanthauzo la zonsezi linali limodzi: nyumba za mbali yonse yakumadzulo zinapita, ndipo m'malo mwake munaima chikhoma chanjerwa, sitima zikugudubuzika pamwamba pake.

Chachiwiri chinali fungo. London wa nthawi imeneyo anali ndi anthu oposa 2 miliyoni, ndipo zonyansa za m'zimbudzi zawo zinkathera mu Thames, mtsinje womwewo umene makampani ena ankatungamo madzi akumwa. Kolera anapha anthu oposa 14,000 mumzindawu mu 1848 ndi 1849, n'kudzaphanso oposa 10,000 mu 1853 ndi 1854. Komabe akuluakulu ankazengereza. Chimene chinawadzutsa chinali dzuwa la mu 1858. Kunatentha kwambiri, madzi anaphwera, ndipo fungo linakwera mpaka kulowa m'Nyumba ya Malamulo imene ili m'mbali mwenimweni mwa mtsinjewo. Ananyika makatani m'mankhwala a laimu, osathandiza. M'masiku 18 okha aphungu anavomereza lamulo lopereka mphamvu ndi ndalama ku bungwe la Metropolitan Board of Works. N'zomvetsa chisoni kuti maliro a anthu wamba zikwizikwi sanafulumizitse chimene mphuno za aphungu zinafulumizitsa m'milungu itatu.

Injiniya wamkulu wa bungweli, Joseph Bazalgette, anakonza zoti pakumbidwe ngalande zikuluzikulu zoyenda motsatira mtsinje, zoti zizilandira zonyansa zonse zisanagwere m'madzi n'kupita nazo kum'mawa, kunja kwa mzinda. Ngalande ya m'munsi inasowa podutsa, pakuti kukumba msewu wa Strand kukanaimitsa malonda a mzinda wonse. Nzeru yake inali yoti amange khoma lamiyala m'kati mwa mtsinje momwemo, n'kuthira dothi kuseri kwake. M'nthaka yatsopanoyo anaikamo ngalande ya zonyansa, njanji ya sitima zapansi ndi njira ya mapaipi, pamwamba n'kuyalapo msewu waukulu. Msewuwo, wotchedwa Victoria Embankment, unatsegulidwa mu July 1870, ndipo paki yake inatsatira. Mu 1878 msewu watsopanowu unali mwa misewu yoyambirira ku Britain kuwalitsidwa ndi magetsi. Chikumbutso cha Bazalgette chili pakhoma la mtsinje pafupi ndi mlatho wa Hungerford, ndipo n'chaching'ono poyerekeza ndi miyoyo imene ntchito yake inapulumutsa.

Koma nyumba yosungiramo katundu wa pamadzi ikatalikirana ndi madzi, ntchito yake yatha. Ogulitsa mbewu anachoka. Zipinda zam'mwamba zinasanduka za alendi, chapansi chija n'kutsala chikudikira wochipezera ntchito. Paja amati madzi saiwala khwawa, ndipo amene anakhalapo m'phangamo amadziwa kuti njerwa zake sizinaume bwinobwino mpaka lero.

Mmodzi mwa alendi anali mnyamata wa zaka 23 yemwe anafika mu 1889 atagwira ntchito ya utolankhani ku India. Rudyard Kipling anachita lendi zipinda pamwamba pa sitolo ya masoseji, ndipo ali pawindo ankaona khomo la Gatti's, nyumba ya zoimbaimba ndi zisudzo imene inali kunsi kwa njanji, tsidya lina la msewu. Ankapitako kawirikawiri, ndipo kayimbidwe ka asilikali ndi anthu wamba kamene ankamva kumeneko kanalowa m'ndakatulo zake. Ali m'nyumba imeneyi analemba buku la The Light That Failed, lomwe linatuluka mu 1891, chaka chimene anachokamo. Lero nyumbayo imatchedwa Kipling House. Wowerenga wa ku Malawi, Zambia kapena Zimbabwe sangalitchule dzina limeneli mopepuka. Kipling anali katswiri wa zolembalemba, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1907, koma analinso wotamanda ufumu wa atsamunda ndiponso bwenzi la Cecil Rhodes, yemwe anamupatsa nyumba yofikiramo ku Cape Town. Chaka cha 1891 chomwecho ndi chimene Britain inalengeza kuti dera lomwe lero ndi Malawi lili pansi pa chitetezo chake.

Kipling akadali m'mwambamo, munthu wina dzina lake Angus Gordon anatsegula bala pansi pake. Gordon anali ndi mwayi umene ogulitsa mowa ambiri analibe. Anali wa m'gulu la amalonda otchedwa free vintners, mamembala a Vintners' Company, bungwe lakale la amalonda a vinyo limene linalandira chikalata chachifumu m'zaka za m'ma 1360, nthawi ya Mfumu Edward III. Mwa ufulu umene bungweli linapatsidwa m'kupita kwa zaka, mamembala ake ena ankaloledwa kugulitsa vinyo mu London ndi madera ozungulira popanda kukapempha laisensi kwa oweruza. Ufuluwo unali wa vinyo yekha. Wofuna kugulitsa mowa wamtundu wina ankayenera kukaima pamzere ngati wina aliyense. Apa ndi pamene pagona gwero la mwambo wa Gordon's wosagulitsa chakumwa china choledzeretsa kupatula vinyo. Unayamba ngati malire a lamulo, kenako unasanduka chizindikiro cha malowo.

Nthawi nayo inali yabwino. Mu 1860 Britain ndi France anagwirizana zochepetsa misonkho pa malonda, ndipo nduna ya zachuma William Gladstone inatsitsa msonkho wa vinyo n'kulola masitolo ndi malo odyera kumugulitsa. Chakumwa chimene chinali cha mabwana chinayamba kufika patebulo la kalaliki wa mu ofesi. Ndipo makalaliki ndi amene siteshoni yatsopano ija inkawakhuthula m'mawa uliwonse n'kuwatenganso madzulo. Njanji imene inadya theka la msewu ndi yomweyo inabweretsa makasitomala.

Migolo ya kuseri kwa kauntala ili ndi nkhani yake. Mumakhala sherry wochokera ku Jerez kum'mwera kwa Spain, port wa m'chigwa cha Douro ku Portugal, ndi madeira wa pachilumba cha Madeira. Onsewa ndi vinyo wowonjezeredwa mphamvu ndi mowa wotcheza kuchokera ku mphesa, njira imene inathandiza kuti asasase pa ulendo wautali wa panyanja. Madeira amachita kumutenthetsa dala, potengera zimene zinkamuchitikira m'zombo zodutsa m'madera otentha, ndipo akatero amakhala nthawi yaitali osawonongeka ngakhale atatsegulidwa. Ndiye chifukwa chake vinyo wamtunduwu amatheka kumugulitsa kuchokera mumgolo, tambula imodziimodzi. Angerezi a m'nthawi ya Mfumukazi Victoria ankamwa motero, ndipo mabala ambiri atasiya, Gordon's sinasiye.

Pali malo ena mumzindawu amene angapikisane nayo pa ulemu wa ukale. Kampani ya El Vino, mwachitsanzo, inayamba malonda a vinyo mu 1879. Chimene Gordon's imaposa nacho anzake n'chakuti yakhala pakhomo limodzi, m'chipinda chimodzi, pansi pa dzina limodzi.

M'paki ya kuseri kwake muli ziboliboli za anthu osiyanasiyana. Muli cha Robert Raikes, amene anafalitsa Sande sukulu, cha mlakatuli wa ku Scotland Robert Burns, komanso cha Sir Wilfrid Lawson, phungu amene anathera moyo wake kulimbana ndi uchidakwa. London wa nthawi imeneyo ankakangana kwambiri pa nkhani ya mowa, ndipo mbali zonse ziwiri zinasiya zizindikiro zawo m'dera limodzi lomweli.

Zaka za m'ma 1900 sizinalichitire chifundo dera lino. Pa 5 December 1905 mbali ya denga lalikulu la siteshoni ya Charing Cross inagwa, khoma n'kugwera nyumba ya zisudzo ya Avenue Theatre imene inali pafupi, ndipo anthu 6 anafa. Mu 1936 mzere wa nyumba za abale a Adam zoyang'ana kumtsinje unagwetsedwa, anthu ambiri akudandaula, kuti pamangidwe chinyumba cha maofesi chimene chinatenga dzina la Adelphi. Nyumba yatsopanoyo ili ndi kukongola kwake, koma chimene chinatayika chinali chosabwezeka, ndipo mkwiyo wa kugwetsa kotereku unathandiza kuti mu 1937 pakhazikitsidwe bungwe la Georgian Group loteteza nyumba za m'nthawi imeneyo. Zotsala za ntchito ya abale aja zikuonekabe apo ndi apo. Nyumba ya Royal Society of Arts mu John Adam Street, yomalizidwa mu 1774, ikadali m'manja mwa bungwe lomwe anaimangira, ndipo kamsewu kamdima ka Lower Robert Street kamalowabe pansi pa nyumba, kudutsa m'chimodzi mwa zipinda zakale zija.

Gordon's inapulumuka zonsezi, pamodzi ndi nkhondo ziwiri zapadziko lonse. M'zaka za m'ma 1970 inagulidwa ndi Luis Gordon, wa m'banja loitanitsa sherry kuchokera ku Spain. Panalibe ubale uliwonse pakati pa iye ndi Angus Gordon. Mayina anangokumana, ndipo chikwangwani sichinafunike kusintha. Inali nthawi imene mabala a vinyo ankaphuka ponseponse mu London, ambiri owala ndi magalasi, nyimbo zikulira. Mwini watsopano akanatha kupala makoma, kuika magetsi owala ndi kuchotsa matebulo ogwedera. Iye anasankha kusiya zinthu mmene anazipezera, ndipo chisankho chimenechi, chomwe chimaoneka ngati kusachita kanthu, ndi ntchito yaikulu imene anaigwirira bala imeneyi. Kusunga chinthu chakale chili moyo n'kovuta kuposa kuchikonzanso. Pamafunika kukonza zowola popanda kufafaniza ukalamba, ndi kukana ndalama za amene akufuna kukulitsa malo. Luis Gordon anamwalira mu 2002, ndipo banja lake linapitiriza kuyendetsa bala.

Tsidya lina la msewu zinthu sizinaime. Mu 1990 kunamalizidwa Embankment Place, chinyumba cha maofesi chojambulidwa ndi Terry Farrell, chimene chinakhala pamwamba penipeni pa njanji za siteshoni. Popeza pansi pake pamadutsa sitima, nsanjika zake anazipachika ku zitsulo zikuluzikulu zokhota za m'mwamba, kuti mizati yofika pansi ikhale yochepa. Ukaima tsidya la mtsinje, denga lake lokhota limakumbutsa denga la siteshoni lija linagwa mu 1905. Mu 2002 m'mbali zonse ziwiri za mlatho wa sitima munawonjezeredwa milatho ya oyenda pansi ya Golden Jubilee, imene inachulukitsa anthu owoloka kuchokera ku South Bank, tsidya linalo la mtsinje. Choncho munthu woima pakati pa Villiers Street amaona zaka 400 m'kuphethira kumodzi: chipata cha 1626 kumunsi, nyumba zanjerwa za m'ma 1670 kuseri, khoma la njanji la 1864 pambali, zitsulo ndi magalasi a 1990 pamwamba pake.

Kusintha kwakukulu kumene bala yavomereza kuli panja. Matebulo andandalikidwa m'kanjira ka Watergate Walk, kamene kamadutsa pakati pa nyumba ndi paki kukafika pachipata cha Buckingham, ndipo nyengo yotentha anthu omwera panja amachuluka kuposa a m'phanga. Lamulo loletsa kusuta fodya m'malo omwera, lomwe linayamba ku England mu July 2007, linawonjezera chiwerengero chawo. Amene amakhala pamenepo ndi osakanikirana: ogwira ntchito m'maofesi a boma a ku Whitehall, ochokera kapena opita ku nyumba za zisudzo za mu Strand, ophunzira, ndi alendo ochokera kumayiko ena.

Ufulu wakale umene Angus Gordon anatsegulira bala yake unatha. Lamulo la Licensing Act la 2003 linachotsa mwayi wapadera wa a Vintners' Company, ndipo linasamutsa mphamvu yopereka malaisensi kuchoka kwa oweruza kupita ku makhonsolo. Kuyambira mu November 2005, pamene lamuloli linayamba kugwira ntchito mokwanira, wogulitsa vinyo aliyense mu London, kaya ndi membala wa bungwe lakale lija kaya ayi, amakapempha laisensi ku khonsolo ya dera lake. Ya Villiers Street ndi khonsolo ya Westminster.